TCHIMO, MLANDU NDI NDENDE: PHUNZIRO LA AKURU A MPINGO

Mau owerenga: Yohane 8:1-11, Aroma 1:24 kufikira 2:4, 1 Akorinto 5:9-13, Ahebri 13:3.

Tsiku lina la Sabata, titaturuka m'nyumba ya Mulungu ku Kamushanga, mu mzinda wa Kabwe, mai wina wa Cigwirizano anatsalira m'mbuyo kufikira anthu onse atabalalika. Makolo ace anali mwa iwo amene anacokera kum'mawa kudzagwira nchito pa mgodi wa Broken Hill ndi pa njanji, ndipo iye mwini wakalambira mu mpingo. Anakhala pansi nati, "Abusa, ndabwera ndi mau olemera. Anansi anga akunena kuti mwana wanga wamwamuna sayang'ana akazi, koma mtima wace uli pa mnyamata mnzace. Alongo anga, amene ali atsibweni ace, akuti ndikamnenere ku polisi anthu asanatitenthere nyumba. Kodi Mulungu afuna kuti ndimpereke?"

Ndinamfunsa, "Amai, kodi mwaona kanthu ndi maso anu?" Anati, "Iai, Abusa, ndangomva." Ndinafunsanso, "Kodi mudziwa zaka zimene lamulo liika pa mlandu wotere?" Anapukusa mutu. Pamene ndinamuuza kuti ziyambira pa 15, anagwira pakamwa, nakhala cete nthawi yaitali.

Abale okondedwa mwa Ambuye, nkhani iyi siikambidwa poyera pakati pathu, pakuti icititsa manyazi. Koma funso la mai ameneyu lingafike tsiku liri lonse kwa mkuru wa mpingo kumudzi, ndipo mkuru amene sanaliganizire ayankha ndi mkwiyo kapena ndi mantha. Cifukwa cace tiyeni tione lamulo la dziko monga liri, kumene linacokera, zimene labala pafupi ndi ife, ndi zimene Mau a Mulungu atiphunzitsa.

1. LAMULO LINENA CIANI

Malamulo a milandu ndi zilango m'dziko la Zambia ali m'buku lochedwa Penal Code, ndilo Mutu 87 wa malamulo a dziko. Ndime zitatu zikhudza nkhani yathu. Ndime 155 iletsa kugonana kumene lamulo likucha kosemphana ndi cilengedwe, ndipo ndime imeneyi ndiyo imene amuna ogonana okhaokha aimbidwa nayo mlandu. Cilango cace ndi ndende ya zaka zosacepera 15, ndipo woweruza ali nayo mphamvu ya kumanga munthu moyo wace wonse. Ndime 156 ilanga woyesa kucita zimenezi ndi zaka 7 kufikira 14. Ndime 158 ilanga macitidwe ena pakati pa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, poyera kapena m'tseri, ndi zaka 7 kufikira 14.

Tizindikire zinthu ziwiri. Coyamba, lamulo lilanga ngakhale anthu awiri akuru misinkhu amene anabvomerezana, popanda wokakamizidwa ndi popanda wodandaula. Caciwiri, zilangozi sizinali zolemera cotere kuyambira kale. Cilango cacikuru ca ndime 155 cinali zaka 14 kufikira caka ca 2005, pamene Nyumba ya Malamulo inakonzanso ndimezi, nikweza zilango, niphatikizapo akazi. Kuyambira pamenepo woweruza amene wapeza munthu wolakwa pa ndime 155 sangathe kutsika pansi pa zaka 15, ngakhale mtima wace utafuna kucita cifundo.

2. LAMULOLI LINACOKERA KUTI

Ambiri ayesa kuti lamuloli ndi mwambo wa makolo athu umene unalembedwa m'buku. Mbiri yace siiri yotero. Makolo athu anali ndi mabwalo ao, kumene milandu inatha ndi uphungu wa akuru, ndi kulipa mbuzi kapena nkhuku, ndipo pa milandu yoopsa ndi kupitikitsa munthu pamudzi kapena zilango zina zowawa. Koma nyumba ya ndende yosungiramo munthu zaka zambiri inadza ndi boma la Angerezi.

Ku England komweko nkhani iyi inali m'manja mwa mabwalo a Eklesia kufikira caka ca 1533, pamene Mfumu Henry VIII inaitengera ku mabwalo a boma ndi cilango ca imfa. Anthu otsiriza kunyongedwa pa mlanduwu ananyongedwa ku London mu 1835, ndipo mu 1861 cilango ca imfa cinasinthidwa kukhala ndende. Pamene Angerezi analemba malamulo a maiko amene anawalamulira, monga a India mu 1860 ndi a Queensland ku Australia mu 1899, anaikamo ndime zotere, ndipo mabuku amenewo anakhala citsanzo ca malamulo a kuno ku Africa. Buku la Northern Rhodesia linalembedwa mu 1930, niliyamba kugwira nchito pa 1 November 1931. Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika analandira mabuku ofanana nalo pa nyengo yomweyo. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, bukuli linakhalabe.

Koma eni ace analisiya. Mu 1957 bungwe limene boma la Britain linaika, lotsogozedwa ndi Sir John Wolfenden, linalangiza kuti zimene akuru awiri acita m'tseri mobvomerezana zisakhale mlandu wa boma. Atsogoleri a Eklesia wa England, amene anapitiriza kuphunzitsa kuti mcitidwewo ndi tchimo, anabvomereza uphungu umenewu. Bishopu Wamkuru wa Canterbury, Michael Ramsey, anaulankhulira m'Nyumba ya Malamulo mu 1965, ndipo lamulo linasinthidwa ku England ndi Wales mu 1967.

Anansi athu ayenda njira zosiyana. Mozambique inacotsa ndime zotere mu 2015, ndipo Angola inatero m'buku lace latsopano limene linayamba nchito mu 2021. Ku Botswana Bwalo Lalikuru linazithetsa mu 2019, ndi ku Namibia mu 2024. Koma ku Malawi oweruza anagamula mu June 2024 kuti ndime zao zikhalebe, ndipo Uganda inaika lamulo lowawa koposa mu 2023.

3. ZIMENE ZINACITIKA PAFUPI NDI IFE

Ife a ku Kabwe sitiyenera kuyang'ana kutali, pakuti milandu iwiri yodziwika koposa m'dziko muno inacokera ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita ngati 60 kumpoto kwathu.

Mu 2013 anyamata awiri a kumeneko anagwidwa. Anawapima m'thupi mwa njira yocititsa manyazi, anawakaniza belo, nawasunga m'ndende ya Mpima muno mu Kabwe. Anakhala m'menemo koposa caka cathunthu. Mu July 2014 woweruza anapeza kuti boma silinabweretse umboni wokwanira, nawamasula. Taonani, pamaso pa lamulo anyamatawo anali osalakwa. Koma caka cimene anakhala m'ndende palibe anawabwezera, ndipo maina ao anali atamveka m'dziko lonse.

Mu 2017 amuna ena awiri anagwidwa ku Kapiri Mposhi komweko. Bwalo laling'ono linawapeza olakwa mu 2018, ndipo mu November 2019 Bwalo Lalikuru linawapatsa zaka 15. Kazembe wa America, Daniel Foote, anadzudzula ciweruzoco poyera, naciyerekeza ndi akuba cuma ca boma amene salangidwa. Mau ace anakwiyitsa Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Edgar Lungu, amene anakana kugwiranso naye nchito, ndipo mu December 2019 boma la America linamuitanira kwao. Koma mu May 2020, pokumbukira tsiku la ufulu wa Africa, Pulezidenti Lungu yemweyo anakhululukira akaidi pafupifupi 3,000, ndipo amuna awiri aja anali pakati pao. Zofanana zinacitika ku Malawi mu May 2010, pamene anthu awiri anaweruzidwa zaka 14 ku Blantyre, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo usanathe. Atsogoleri onse awiri anatsutsa mcitidwewo ndi mau amphamvu, koma onse awiri anatsegula citseko ca ndende.

Ndipo ndende tiidziwa, pakuti ya Mukobeko iri pakhomo pathu. Inamangidwa kuti isunge anthu 400, koma ofufuza a bungwe la Human Rights Watch analemba mu 2010 kuti munali anthu oposa 1,700. Munthu amene anena mopepuka kuti "ammange" ayambe wapita kukaceza kumeneko, aone kumene afuna kutumiza mwana wa mnzace.

4. MAU A MULUNGU ATIPHUNZITSA CIANI

Mpingo wathu uphunzitsa, monga unaphunzitsa kuyambira kale, kuti ukwati ndi pangano la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, monga tiwerenga pa Genesis 2:24 ndi Mateyu 19:4-6, ndi kuti kugonana kuli ndi malo ace m'ukwati momwemo. Phunziro lino silisintha ciphunzitso cimeneco. Funso lathu ndi lina: kodi ciri conse cimene mpingo ucicha tchimo ciyenera kulangidwa ndi unyolo wa boma? Ndipo kodi Mkristu acite naye bwanji munthu amene anenezedwa?

Ena athamangira ku Levitiko 20:13, kumene cilamulo ca Mose ciika imfa pa mcitidwewu. Koma awerenge mutu wonse. Ndime 9 iika imfa pa wotemberera atate wace kapena amace, ndipo ndime 10 iika imfa pa mwamuna ndi mkazi ocita cigololo. M'dziko muno wacigololo samangidwa. Alipitsidwa ku bwalo laling'ono, ndipo mu mpingo aimitsidwa pa Mgonero kufikira atalapa. Palibe mkuru wa mpingo amene anapemphapo kuti acigololo onse a m'mudzi mwace apite ku Mukobeko zaka 15. Ngati tisankha ndime imodzi ndi kulumpha inzace, tidzifunse ngati ticita cifukwa ca cangu ca pa Mulungu, kapena cifukwa tchimo linalo ndi la anthu ocepa, pamene linzace liri m'nyumba zathu zomwe.

Pa Yohane 8 alembi ndi Afarisi anadza kwa Yesu ndi mkazi wogwidwa m'cigololo. Lamulo linali kumbali yao, ndipo umboni unalipo. Ambuye sananene kuti cigololo ndi cabwino, pakuti pomaliza anauza mkaziyo kuti aleke kucimwa. Koma anayamba ndi onenezawo, napereka mwala woyamba kwa iye amene adziwa kuti alibe tchimo, ndipo onse anacoka mmodzi mmodzi, kuyambira akuru. Ambuye anapulumutsa moyo wa mkaziyo poyamba, ndipo pambuyo pace anamlangiza. Ife kawirikawiri tifuna kuyamba ndi mwala.

Pa Aroma 1:26-27 Mtumwi Paulo anena za amuna ndi akazi ogonana okhaokha, ndipo ambiri aleka kuwerenga pomwepo. Koma Paulo apitirira, nachula pamodzi nao osirira, akaduka, amiseche, odzitama, osamvera akuwabala ndi opanda cifundo. Ndipo poyamba pa mutu 2 atembenukira kwa wowerenga amene anali kubvomereza ndi mutu, namuuza kuti poweruza mnzace adzitsutsa yekha. Miseche imene inazinga nyumba ya mai wa ku Kamushanga iri m'mndandanda womwewo.

Ku Korinto kunali munthu amene anatenga mkazi wa atate wace. Paulo analamula mpingo kuti umcotse pakati pao, koma sanati amtengere kwa kazembe wa Aroma; ananenanso kuti kuweruza akunja kuli kwa Mulungu. M'kalata yaciwiri, mutu 2, apempha kuti wolangidwa akhululukidwe ndi kutonthozedwa, kuti cisoni cingammize. Katekisma wa Heidelberg, wa caka ca 1563, pa mafunso 83 kufikira 85, aphunzitsa kuti makiyi a Ufumu ndi awiri, kulalikira Uthenga Wabwino ndi cilango ca mpingo, ndipo colinga ca cilangoco ndi kubweza munthu. Lupanga linapatsidwa kwa boma, monga pa Aroma 13, kuti licinjirize anthu kwa ocita zoipa. Mpingo umene ubwereka lupanga kuti ugwire nalo nchito ya makiyi waiwala zida zace. Ndende ingatsekere thupi, koma siinatembenuzepo mtima wa munthu. Imeneyo ndi nchito ya Mzimu Woyera.

5. AKRISTU SALI PA GANIZO LIMODZI

Tinene zoona: Akristu ambiri a m'dziko muno, pamodzi ndi atsogoleri ambiri a mipingo, afuna kuti lamuloli likhalebe. Akumbutsa kuti Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndi kuti mau amenewo analowa m'malamulo akuru a dziko mu 1996. Ati lamulo ndi mphunzitsi, ndipo kulicotsa kudzaoneka kwa ana monga kubvomereza. Atinso maiko olemera asatilamulire ndi ndalama zao. Mau amenewa ticite nao ulemu, pakuti dziko laufulu liyeneradi kudzipangira malamulo ace.

Koma alipo Akristu ena, osasiya ciphunzitso ca ukwati, amene aona kuti ndende siyenera pa nkhani iyi. Msonkhano wa mabishopu a Anglican ku Lambeth mu 1998 unakana mcitidwewu monga wosagwirizana ndi Malembo, koma unalamulanso kuti anthu otere atumikiridwe mwacikondi, nutsutsa kuwaopa kopanda nzeru. Mu February 2023, pobwera ku South Sudan, Papa Francis, ndi Justin Welby amene anali Bishopu Wamkuru wa Canterbury, ndi Iain Greenshields amene anali Mtsogoleri wa Eklesia wa Scotland, ananena pamodzi kuti kuwayesa anthu otere apandu pa lamulo ndi kosalungama.

Ine ndiri mbusa, sindiri wopanga malamulo, koma ndinena cimene ndaona. Lamulo lolemera cotere likhala mkondo m'dzanja la munthu wa cidani, pakuti mau amodzi onong'oneza akwanira kuononga mnzace. Lipatsa mpata olanda, amene aopseza munthu kuti akamnenera akapanda kuwapatsa ndalama. Liopsa odwala kuti asapite ku cipatala, ndipo nthenda yobisika ifalikira. Litsekanso pakamwa pa mwana amene akadadza kwa mbusa wace kudzafuna uphungu. Ndipo ndiyesa kuti zaka 15 pa anthu awiri amene sanapweteke munthu wacitatu ndi muyeso wosalingana. Dziko la Cikristu liyenera kufunsa ngati zilango zace ziri zolungama, ndipo kufunsa kotere si kupanduka. Buku lomweli linali ndi cilango ca imfa, ndipo oweruzidwa kufa anali kusungidwa ku Mukobeko. Koma mu December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa cilangoco m'bukuli. Malamulo a anthu akonzedwa ndi anthu.

6. NANGA IFE TICITENJI

Coyamba, tisalandire mbiri yopanda mboni. Lamulo lacisanu ndi cinai liletsa umboni wonama, ndipo Deuteronomo 19:15 afuna mboni ziwiri kapena zitatu. Mnyamata wosakwatira msanga, kapena wa mau ofatsa, kapena wokonda kuphika, sanalakwire munthu.

Caciwiri, Mkristu asapezeke m'gulu lomenya munthu, lotentha nyumba, kapena lopitikitsa banja. Kucita zimenezo ndi mlandu pamaso pa boma ndi tchimo pamaso pa Mulungu. Munthu wothamangitsidwa akafika pakhomo panu, mtsegulireni.

Cacitatu, tisiyanitse nkhani. Kumene mwana wamng'ono waipitsidwa, kapena munthu wagwiriridwa, akhale mwamuna kapena mkazi, kapena mphunzitsi kapena mbusa wanyenga amene ali m'manja mwace, pamenepo pali wopwetekedwa, ndipo lupanga la boma linaikidwira zomwezo. Nkhani yotere ipite ku polisi msanga, ndipo mpingo usaibise.

Cacinai, mbale wa mu mpingo alankhulidwe monga Mateyu 18:15-17 ndi Agalatiya 6:1 atilangiza, poyamba pa awiri, ndi mzimu wofatsa. Mkuru amene aulula pa msika zimene anauzidwa m'tseri sayenera udindo wace.

Cacisanu, makolo asataye ana ao. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wobala wekha? Mwana wopitikitsidwa apita ku Lusaka kapena ku migodi wopanda womlangiza, ndipo ambiri otere afika pa kutaya mtima ndi kufuna kudzipha.

Cacisanu ndi cimodzi, tikumbukire am'ndende, monga Ahebri 13:3 ndi Mateyu 25:36 atiuza, osayamba tafunsa ndime imene anamangidwa nayo.

Mai uja ndinamyankha kuti, "Amai, Mulungu sanakutumeni kukapereka mwana wanu cifukwa ca mau a anansi. Pitani mukamphikire nsima, mumuuze kuti pakhomo ndi pace. Atsibweni ace ndikalankhula nao ndine." Madzulo ace ndinapita ndi akuru awiri a mpingo, ndipo tinakhala pabwalo pa nyumbayo kufikira mdima, kuti anansi onse aone kuti banjalo liri ndi abale. Patapita masabata atatu mnyamatayo anadza yekha kunyumba kwanga. Zimene tinakambirana ziri pakati pa iye, ndi ine, ndi Mulungu. Akadakhala m'ndende ya Mpima sakadafika.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chulani macimo atatu amene mpingo ulanga koma boma sililanga. Cifukwa ninji boma liwasiya?
2. Pa Yohane 8, Ambuye anayamba kulankhula ndi yani, ndipo anatsiriza ndi yani? Titengapo ciani pa dongosolo limeneli?
3. Werengani Aroma 1:29-31. Ndi macimo ati a m'ndimezi amene apezeka kawirikawiri pamudzi panu?
4. Kholo likadza kwa inu ndi funso la mai wa ku Kamushanga, mudzaliyankha bwanji? Nanga gulu la anthu likadza ndi miyala, mudzaima kuti?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mudziwa zobisika za mitima yathu yonse, ndipo mwaticitira cifundo cimene sitinaciyenera. Patsani nzeru iwo amene apanga malamulo a dziko lathu ndi iwo amene aweruza milandu, kuti miyeso yao ikhale yolungama. Tonthozani makolo amene alira m'tseri, sungani ana ao, ndipo kumbukirani onse ali m'ndende za Mukobeko ndi Mpima. Letsani malilime athu pa miseche ndi manja athu pa miyala, ndipo mutiphunzitse kunena coonadi mwa cikondi. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.